Mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a eni nazale



Luso lomeretsa mbewu m'botolo limene mwaphunzirali si lachilendo kuno kwathu. Matenda a chisaka atapulula nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, zina mwa mbewu zopanda matenda zimene alimi anabzala zinachokera m'mabotolo otere. Lero tikuti lusoli lifikenso pa mitengo yokongoletsa misewu, masukulu ndi makomo athu.

Mwaona nokha mmene ntchitoyi imayendera. Mumadula kansonga ka nthambi kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukatsuka ndi mankhwala opha tizilombo, n'kukaika pa chakudya chimene chaphikidwa pa madigiri 121. Chakudyacho anachikonza ndi akatswiri a sayansi Murashige ndi Skoog mu 1962, ndipo amafufuza pa fodya, mbewu imene ife tonse tikuidziwa. Mukachulutsa mankhwala otchedwa cytokinin m'chakudyacho, kansongako kamatulutsa mphukira zambiri. Mukachulutsa ena otchedwa auxin, mphukirazo zimachita mizu. Kamtengo kalikonse kamatengera make, maluwa ndi msinkhu womwe, pamene jacaranda wofesa njere sudziwa kuti adzatuluka wotani.

Koma botolo n'lodula, tisanamizane. Bougainvillea amaphuka ndi nthambi yongozika m'chubu, ndiye kum'lowetsa mu labotale n'kutaya ndalama. Botolo tilisungire mitengo yovuta kumera ndi imene ikusowa. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu. Ofufuza athu auganizire.

Tsopano kwa inu eni nazale, pakuti timitengo tambiri timafera m'manja mwa amene watilandira. Kamtengo kochokera m'botolo sikanaonepo dzuwa la Okutobala kapena mphepo, ndipo masamba ake sanazolowere kusunga madzi. Mukakatulutsa, tsukani mizu kuti chakudya chija chichoke chonse, apo ayi nkhungu idzagwira. Kabzaleni m'dothi lotayana, pamthunzi, muvundikire ndi pulasitiki, ndipo muzitsegula pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Wopupuluma kuti akagulitse msanga m'mbali mwa msewu adzagulitsa mitengo yokafera kwa wogula, ndipo wogulayo sadzabweranso.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Ndikupempha makhonsolo a mizinda yathu kuti akafuna mitengo ya m'misewu, ayambe agogoda kwa anthu ali panowa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro athu atsekedwa.