Kuunika Mapapo Nthenda Isanakhwime

 Munandipempha kuti ndilankhulepo za umoyo wa m'banja, ndipo ine ndasankha nkhani imodzi yokha, ndiyo khansa ya m'mapapo pamodzi ndi makina amene akuthandiza kuipeza isanakhwime.

Nthendayi njoopsya chifukwa imayenda mwakachetechete. Chotupa chikhoza kumakula m'mapapo miyezi yambiri mwini wake akulima, akudya, akuseka ndi adzukulu. Pamene ayamba kutsokomola magazi ndi kuwonda, kaŵirikaŵiri nthenda imakhala itafalikira kale m'ziŵalo zina. M'chaka cha 2022 inapha anthu pafupifupi 1,800,000 pa dziko lonse, kuposa khansa ina iri yonse, ndipo chimene chimaiyambitsa koposa zonse ndi kusuta fodya.

Tonse tikudziŵa X-ray ya pachifuwa. Iyo imatulutsa chithunzi chimodzi mmene nthiti, mtima ndi mapapo zimasanjikizana, kotero kuti kachotupa kakang'ono kakhoza kubisala kuseri kwa fupa. Makina a CT ndi osiyana. Munthu amagona pa kabedi koloŵa m'chinthu chonga mkombero, nagwira mpweya kanthaŵi kochepa, ndipo makinawo amajambula chifuwa zigawo zopyapyala monga mmene timadulira buledi. Kompyuta imalumikiza zigawozo, dokotala naona ngakhale kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Wodwala woyamba anajambulidwa ndi makina otere ku London mu 1971. Amene anawapanga, Godfrey Hounsfield, analandira mphotho ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg.

Tsono funso linali lakuti: kodi tikamajambula anthu osuta amene akudzimva kuti ali bwino, tidzapulumutsa moyo? Ku America anayesa anthu oposa 53,000 a zaka 55 mpaka 74, onse osuta kwambiri kapena amene anasiya posachedwa. Ena ankawajambula ndi X-ray, ena ndi CT ya cheza chochepa, kamodzi pa chaka kwa zaka zitatu. Zotsatira zinatuluka mu 2011: imfa za khansa ya m'mapapo zinachepa ndi 20 pa 100 pakati pa aja a CT. Kafukufuku wina wa ku Netherlands ndi Belgium, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti mwa amuna imfazo zinachepa ndi 24 pa 100. Chifukwa chake nchomveka. Chotupa chikapezeka chiri chaching'ono, madokotala amatha kuchichotsa ndi opaleshoni.

Koma amayi, pano ndikufuna mundimvetse bwino, pakuti ife tikamva za makina atsopano timafulumira kuganiza kuti ali yense ayenera kuloŵamo. Ai, sichoncho. Makinaŵa amaona zambiri, ndipo zambiri mwa zimene amaona si khansa. Mu kafukufuku wa ku America uja, pafupifupi chithunzi chimodzi mwa zinayi chinaonetsa kanthu kokayikitsa, koma mwa zokayikitsazo zoposa 95 pa 100 zinapezeka kuti sizinali khansa. Taganizani nkhaŵa ya banja limene likudikira miyezi kuti bambo akajambulidwenso, ndipo ena anachita kubooledwa ndi singano pachifuwa popanda nthenda. Nchifukwa chake kuunikaku amakusungira okhawo amene ali pa chiopsezo chachikulu. Ku America, kuyambira 2021, amalangiza a zaka 50 mpaka 80 amene anasuta mlingo wa paketi imodzi tsiku liri lonse kwa zaka 20, ndipo akusutabe kapena anasiya zaka 15 zisanathe.

Ena a inu muli ndi ana ndi abale ku England. Kumeneko boma linalengeza mu 2023 kuti a zaka 55 mpaka 74 amene anasutapo adziitanidwa kukafunsidwa za mapapo awo, ndipo oyenera amajambulidwa, nthaŵi zina m'magalimoto akulu oimika pafupi ndi masitolo. Mukamalankhula nawo pa foni, afunseni ngati kalata inafika, chifukwa tikuwadziŵa amuna athu, kalata ya kuchipatala amaiika pansi pa mphasa.

Kuno kwathu makina a CT ali m'zipatala zazikulu zoŵerengeka, ndipo ntchito yake njothandiza amene akudwala kale. Pali vuto linanso: zipsyera za chifuwa chachikulu zimaoneka pa chithunzi ngati timaŵanga tokayikitsa, ndiponso zizindikiro za matenda aŵiriŵa zimafanana. Munthu akatsokomola kupitirira masabata aŵiri, apite kuchipatala kukayezetsa makhololo. Koma ngati ayezedwa napezeka alibe TB, kapena akumwa mankhwala mokhulupirika osaona kusintha, musangoti ndi ukalamba. Bwererani naye kwa dokotala, ndipo inu amene mumamdikirira mukanene zonse: zaka zimene wasuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe chopichira pa chikwatu cha chimanga, ndiponso ngati anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, pakuti fumbi la miyala nalonso limawononga mapapo. Amene akusutabe muwauze kuti kusiya kumachepetsa chiopsezo ngakhale munthu atafika zaka 60.