Mbama si chikondi

(Mawu amene mlangizi wa achinyamata analankhula pamsonkhano wa makalabu ku Iponga, m'boma la Karonga)



Ambiri mwa inu mwaonera filimu ija ya ku Tanzania imene yakhala ikudzaza nyumba ya vidiyo pamsika. Inenso ndinaionera. Mnyamata amakonda mtsikana, koma akangomuona akuseka ndi wina, mbama! Amamulanda foni, amamuletsa kucheza ndi anzake. Kenako amabwera atagwada, misozi ili chuchuchu, chitenje chatsopano chili m'manja. Mapeto ake ndi ukwati. Anthu anawomba m'manja, ndipo mtsikana wina kumbuyo kwanga anati, "Koma ndiye amamukondadi."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Filimuyi ikuphunzitsa kuti nsanje ndi chikondi, ndiponso kuti mtsikana akapirira, womenya uja adzasintha. Ndi bodza lomwe lija timamva kumudzi, loti kumenya ndi mankhwala a banja.

Mwina mukuti, nanga zikukhudzana bwanji ndi Edzi? Tandiyankhani. Mtsikana amene amanjenjemera chibwenzi chake chikakwiya, angathe kunena kuti "dikira, sindinakonzeke"? Angatchule za kondomu? Angamuuze kuti tiye ku chipatala cha Iponga tikayezetse magazi? Sangayerekeze. Mantha amatseka pakamwa, ndipo kachirombo ka HIV kamalowera pomwepo. Izi filimu ija sinationetse. Inathera pa keke ya ukwati.

Dziwani kuti lamulo lili mbali yanu. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Wina akakugwirirani, ngakhale ndi chibwenzi chanu chomwe, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72. Kuli mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28, othandiza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere.

Anyamata, musayang'ane pansi, ndikulankhulanso ndi inu. Uphuluphulu si umuna. Mtsikana akati ayi, ndiye kuti ayi. Mnzako akamadzitama kuti "ndamukhaulitsa", usamusekerere, m'dzudzule.

Atsikana, mbama yoyamba musaibise. Uzani azakhali, aphunzitsi, kapena ife alangizi. Chitenje sichichiza bala.

Sindikuti musiye kuonera mafilimu, ayi. Koma muzionera ndi maso awiri. Ndipo a gulu la zisudzo, ndikukupatsani ntchito: tengani nkhani yomweyi, muisewere pamsonkhano wotsatira, koma mtsikana uja achoke pa mbama yoyamba, anzake amuperekeze. Tione ngati anthu sadzawombanso m'manja.