Njanji Zimakumana pa Nayuchi, Nanga Mapulani Ake?

Nkhani ya lero ikuchokera ku Nayuchi, m'boma la Machinga, pamene njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka imalumikizana ndi ya ku Mozambique yopita kudoko la Nacala. Njanji imeneyi idatsegulidwa m'chaka cha 1970.

Sitima ikafika pamalirepo siima kuti aisinthe mawilo. Chifukwa chake n'chakuti mpata wa pakati pa zitsulo ziŵiri za njanji ndi umodzi mbali zonse: mamilimita 1,067. Koma njanji isanayalidwe pansi imayamba yajambulidwa, ndipo masiku ano akatswiri amajambula mapulani pa kompyuta. Vuto limayambira pamenepo, pakuti mapulogalamu ojambulira salankhula chinenero chimodzi.

Pulogalamu ya AutoCAD, imene idatuluka mu 1982, imasunga zojambula m'mafayilo a DWG. Inzake yotchedwa MicroStation imasunga m'mafayilo a DGN. Pofuna kuti zojambula ziwoloke kupita ku mapulogalamu ena, kampani ya Autodesk, mwini wake wa AutoCAD, idakonza mtundu wina wa fayilo wotchedwa DXF. Umenewu uli ngati womasulira pabwalo la milandu: mutu wa nkhani amaufikitsa, koma mau ena amatayikira m'njira.

Mizere ndi zozungulira zimawoloka bwino. Chimene chimatsalira kaŵirikaŵiri ndi muyeso. Katswiri wina angathe kujambula paipi yodutsitsa madzi kunsi kwa njanji, kukamwa kwake 900, iye akuŵerengera mamilimita. Kompyuta ya mnzake ikaŵerenga nambala yomweyo m'mainchesi, paipiyo imakula kufika pafupifupi mamita 23. Cholakwa chotere n'chabwinoko, chifukwa ngakhale mwana angachione. Choopsa ndi chaching'ono: mzere wosonyeza pamene madzi osefukira amalekeza utasoŵa, kapena mau olembedwa pambali atasanduka zizindikiro zosaŵerengeka. Nayuchi ali pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, m'dziko la madambo, n'chifukwa chake siteshoni ya tsidya linalo idatchedwa Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja. Kumalo otere paipi ikachepa, madzi a dzinja amakokolola dothi la pansi pa njanji, ndipo feteleza ndi mafuta ochokera kudoko zimachedwa.

Palinso kalembedwe ka manambala. M'Chipwitikizi, nambala yolembedwa 1,067 imaŵerengedwa kuti chimodzi ndi kachidutswa, osati chikwi. Mwamwayi pa mpata wa njanji yankho limakhala loona ndithu ngati munthuyo akuganiza za mamita. Pa nambala zina mwayi wotere palibe.

Ntchito yokonzanso njanji imeneyi kuti inyamule malasha a ku Moatize, imene idatsogoleredwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil ndi kutsegulidwa mu 2017, idakhudza mtunda wa makilomita 912 m'maiko aŵiri a zinenero zosiyana. Pa ntchito zotere akatswiri osamala amayamba agwirizana za muyeso, maina a zigawo za chojambula, ndiponso malo oyambira kuyeza. Kenaka amatumizirana kafayilo koyesera, mnzawo nakatsegula, nayeza mzere umodzi wodziŵika utali wake. Pamodzi ndi fayilo ya DXF amatumizanso ya PDF, kuti wolandira aone ndi maso ake mmene chojambulacho chidaliri chisanachoke kwao.