Kupatsidwa Malo si Kuloledwa Kumanga



Malo ochitira malonda monga Mponela, Madisi ndi Mvera m'boma la Dowa, komanso Malomo m'boma la Ntchisi, akukula mofulumira. Ambiri mwa amene akumanga magolosale, zigayo, sukulu ndi nyumba za lendi amakhulupirira kuti mfumu ikaloza malire, zonse zatha. Zoona zake n'zakuti kupatsidwa malo ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo ndi nkhani inanso.

Kale lamulo la mapulani la 1988 linkagwira ntchito m'mizinda ndi m'madera osankhidwa okha. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidasintha zimenezi, ndipo lidakhudza dziko lonse, kumudzi komwe. Mfumu imachitira umboni za mwini malo, koma chilolezo chomangira chimachokera ku khonsolo.

Wofuna kumanga ayambe wafika ku ofesi yoona za mapulani ku khonsolo asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Kumeneko amalemba fomu, n'kupereka umboni wakuti malowo ndi ake pamodzi ndi pulani ya nyumbayo. Ndalama iliyonse imene walipira alandirepo lisiti ya khonsolo. Kenaka akatswiri a mapulani, a zomangamanga ndi a zaumoyo amaunika ngati nyumbayo idzakhale yolimba, ngati chimbudzi chatalikirana ndi chitsime, ndiponso ngati malowo si a msewu, msika kapena sukulu. Amene wakanizidwa ali ndi ufulu wochita apilo.

Zinthu ziwiri zikufunika kusamala kwambiri kuno. Choyamba ndi msewu. M'mbali mwa msewu waukulu ngati M1, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali zonse ziwiri, ndi malo a msewu. Womanga m'menemo popanda chilolezo nyumba yake ikhoza kugwetsedwa, chipukutamisozi osachiona. Ndalama za fodya ndi soya za zaka zingapo zimatha m'mawa umodzi.

Chachiwiri ndi mapiri. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a zitunda ndi zigwa, ndipo pamene mitengo idatha nthaka siigwira mvula ikachuluka. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ake. Katswiri akaletsa kumanga pamalo otsetsereka kapena m'mphepete mwa mtsinje, sakumana munthu mwayi. Akuteteza ana amene adzagone m'nyumbamo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ulendo wa ku khonsolo ndi wa tsiku limodzi, pamene nyumba ndi ya mibadwo. Choncho mafumu, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC pamodzi ndi makhansala akupemphedwa kuti akaona munthu akukumba maziko a golosale, chigayo kapena sukulu, amufunse mwaulemu ngati pulani yake idavomerezedwa, njerwa yoyamba isanayalidwe.