KACIPANGIZO KOCHEDWA DAC, NDI NYIMBO ZA M'FONI

M'caka ca 1949 munafika m'dziko lino wailesi yaing'ono imene inachedwa Saucepan Special, cifukwa maonekedwe ace anali ngati a sefuliya. Anaipanga a kampani ya Ever Ready. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali la masheleni 25. Mau ace anali kutuluka pamodzi ndi mkokomo, koma anthu a ku migodi ndi a m'makomboni sanadandaule, pakuti kumva Alick Nkhata akuyimba ku Lusaka munthu ali khale m'nyumba mwace cinali cinthu cacilendo. Lero nyimbo zikhala m'foni ya m'thumba, ndipo amalonda akukopa anyamata kuti agulenso kacipangizo kochedwa DAC, ati kuti nyimbo zimveke ngati oyimbawo ali pomwepo. Munthu asanatulutse ndalama zace ayenera kudziwa cimene kanthuka kacita ndi cimene sikangathe.

Nyimbo siikhala m'foni ngati mau. Ikhalamo ngati manambala. Pa mbale ya CD, imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1982, mau ayezedwa nthawi 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso uli wonse ulembedwa. Tsono khutu silimva manambala. Pafunika cina cosandutsa manambalawo akhale mphamvu ya magetsi yogwedeza kacikopa ka m'mahedifoni, monga dzanja ligwedeza cikopa ca ng'oma. Imeneyi ndiyo nchito ya DAC. Foni iri yonse iri nayo yace m'kati, pakuti popanda iyo sikadalankhula konse. Koma m'mafoni ochipa opanga saikapo mtima, ndipo m'caka ca 2016 a Apple anacotsa cibowo ca mahedifoni pa iPhone 7, makampani ena natsatira. DAC ya kunja, imene kawirikawiri ingolingana ndi cala, ilowa pa cibowo cochajira. M'kati mwace mulinso cokuzira mphamvu, cotero kuti mahedifoni akulu amene foni yokha ilephera kuwadzutsa amveka bwino.

Nanga mapulogalamu apadera oyimbira nyimbo alowa pati? Foni ya Android ithira mau onse mu mphika umodzi: nyimbo, kulira kwa foni, ndi kabelu ka uthenga. Kuti zisakanizike, mafoni ambiri awerengeranso zonse pa miyeso 48,000 pa sekondi, ngakhale nyimbo inalembedwa pa 44,100. Mapulogalamu monga USB Audio Player PRO, HiBy Music ndi Neutron alambalala mphikawo, napereka manambala kwa DAC monga momwe analembedwera. Android 14, ya m'caka ca 2023, inatsegulanso njira yotere, koma igwira nchito pokhapokha foni ndi pulogalamu zonse ziwiri zikailola. Kunena zoona, kusiyana kumene kubwera ndi kulambalala kumeneku nkocepa, ndipo anthu ambiri sakumva. Cimene cimveka msanga ndi kutha kwa kamluzu kosokosera kamene mafoni ena atulutsa, ndi kumveka bwino kwa ng'oma ndi gitala wa besi.

Nkhani yaikulu iri pa nyimbo yeniyeniyo. MP3 icepetsa nyimbo potaya mau amene iyesa kuti khutu silidzawasowa. MP3 wamba idya ngati megabaiti imodzi pa mphindi, pamene CD idya pafupifupi khumi. FLAC siitaya kanthu, koma idyabe ngati theka la CD kapena kuposapo. Cimene cinatayidwa sicibwerera, ngakhale munthu agule DAC ya mtengo wa ng'ombe. Nyimbo zambiri za kalindula zimene ziyenda m'makhadi a memori pa misika zinajambulidwa kucokera ku makaseti otha, kenaka ku YouTube, kenaka ku foni ya mnzace wa mnzace. DAC yabwino idzaonetsa zipsera zonse za ulendo umenewo mosabisa. Koma pamene nyimbo zinasungidwa mosamala, monga zimene Hugh Tracey anajambula ku migodi m'zaka za m'ma 1950, zimene ziri ku International Library of African Music ku South Africa, kapena za WITCH ndi Amanaz zimene a Now-Again Records anatulutsanso, pamenepo womvera apindula ndithu.

Malo amene munthu akhala nawonso ali ndi mau pa nkhaniyi. Boma la Rufunsa lipereka citsanzo. Msewu waukulu wa ku m'mawa ucoka ku Lusaka, upyola Chongwe ndi Chinyunyu, nutsetsereka pakati pa mapiri kunka ku mlatho wa Luangwa. Mphunzitsi wa kwa Mpanshya, kapena wokumba golide wa m'mapiri amenewo, akapatuka pa msewu apeza kuti netiweki siidalirika, ndipo kumvera nyimbo zazikuluzikulu pa intaneti kumaliza bandulo dzuwa lisanapendeke. Kwa iye pulogalamu yoyenera ndi yoyimba nyimbo zosungidwa kale pa khadi. Ndiponso DAC iribe batire lace lace ikakhala ya mtundu waung'onowu: iyamwa la foni, nitseka cibowo cochajira pa nthawi yomweyo. Amene achajira foni pa sola ya pa golosale, kapena amene akumbukira kuzima kwa magetsi kwa m'caka ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, adziwa mtengo wa batire lodzala. Pa Bluetooth napo DAC ya cingwe siithandiza, pakuti nyimbo ipanikizidwa isanauluke, ndipo osandutsa manambala ndi mahedifoniwo.

Cotero wa ndalama zocepa ayambe ndi mahedifoni abwino, pakuti ndiwo asintha mamvekedwe koposa zonse. Atsatize nyimbo zojambulidwa bwino. DAC ndi pulogalamu yace zidze pambuyo.

Patsala cenjezo limene likhudza makamaka a ku migodi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda ngozi, ndipo mau akakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo idulidwa pakati. Munthu amene watha tsiku pafupi ndi makina obowola miyala wadya kale gawo lace asanafike ku nyumba. M'kati mwa khutu muli timaselo tosaoneka ndi maso, tokhala ndi tiubweya, timene timva mau. Tikafa sitimeranso, ndipo cizindikiro coyamba ndi kulira kwa m'makutu usiku. DAC iri ndi mphamvu yoposa ya foni, ndipo popeza mau ace ndi oyera, munthu sazindikira kuti wakweza kopitirira. Ngozi icuruka m'basi, pamene wapaulendo akweza nyimbo kuti ipose kubangula kwa injini pa zitunda za Rufunsa. Mahedifoni otseka khutu bwino acepetsa phokoso la kunja, ndipo nyimbo imveka ngakhale ya pansipansi.