ANA ATHU AKAPITA KU KOLEJI: NKHANI YA KUNENEPA

Mau amene Mlembi analankhula pa tsiku la chikondwerero cha bungwe lathu la amai

 Tithokoze a komiti potipatsa mpata wolankhula pa tsiku lalikulu lotere. Ambiri a ife sukulu tinalekezera ku pulaimale, koma lero tili ndi ana ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo. Ichi n'chinthu chokondweretsa ndithu. Tsono pali kanthu kena kamene takhala tikukaona ana aŵa akabwera pa tchuthi choyamba, ndipo tati tikambirane.

Mai mnzathu wina anasoketsa madiresi aŵiri kwa telala pamene mwana wake wamkazi amapita ku koleji. Mwanayo atabwera pa tchuthi, zipi ya diresi inakana kutseka. Agogo ake anaomba m'manja nati mwana akudya bwino. Azakhali ake anamuitanira kuseri namufunsa ngati ali ndi pakati. Mwanayo analira tsiku lonse, chakudya osakhudza. Pakati panalibe, ndipo kudya bwino kumene agogo amanenako kunalibenso. Mai wake atamufunsa mofatsa, anapeza kuti miyezi yonseyo amakhalira tchipisi cha pa chiwaya, mandasi ndi zakumwa za m'botolo.

Nkhani imeneyi si ya kwathu kuno kokha. Ku America anaipatsa dzina lakuti Freshman 15, kunena mapaundi 15, ndiwo makilogalamu pafupifupi 7, amene amati mwana amaonjeza m'chaka choyamba. Mu 2015 ofufuza a ku Oxford anasonkhanitsa zimene anzao anapeza m'maiko angapo, ndipo anaona kuti chiŵerengerocho n'chokokomeza. Ophunzira 6 mwa 10 alionse ananenepadi, ndipo amene ananenepawo anaonjeza makilogalamu oposa 3 pang'ono. Wina anganene kuti makilogalamu atatu si kanthu. Koma thupi limene labwera m'chaka choyamba silichoka msanga, ndipo chizoloŵezi cha kadyedwe chimene mwana watola pa msinkhu umenewu amapita nacho ku ntchito ndi ku banja.

Nanga chimachititsa n'chiani? Tiyeni tikumbukire m'mene mwanayo amakhalira ali pakhomo. Amatunga madzi, amasesa, amapita kumunda, ku sukulu amayenda pansi. Amene anali ku sukulu yogonera konko amadya nsima ya nyemba pa nthaŵi yake belu likalira. Ku koleji zonsezi zimatha tsiku limodzi. Amakhala pa mpando m'kalasi, pa mpando poŵerenga, akatopa agona ndi foni m'manja, ndipo pa ulendo waufupi akwera kabaza. Ndalama ya chakudya ili m'manja mwake, palibe womuuza chogula. M'maŵa amadzuka mochedwa osadya kanthu, masana njala yamupweteka, ndiye amathamangira chimene chili pafupi ndi chotsika mtengo, ndicho chokazinga. Mafuta ophikira ali ndi mphamvu yoposa kaŵiri ya ufa kapena shuga wolemera chimodzimodzi, ndipo mphamvu imene thupi silinagwiritse ntchito limaisunga ngati mafuta.

Kenaka pali zakumwa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8. Bungwe la za umoyo la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni 12 pa tsiku, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Mwana akamwa mabotolo aŵiri ndi tiyi wa masipuni atatu, wadutsa kale malire. Anyamata ena amayambanso moŵa, umene umanenepetsa pamwamba pa mavuto ake ena amene tonse tiwadziŵa. Kuchezera usiku poŵerenga nakonso kumaonjeza, pakuti munthu wosagona mokwanira amamva njala kaŵirikaŵiri. Ndipo tisaiŵale kupukwa. Mwana amene sanachokepo pakhomo, akasoŵa womulankhula, nthaŵi zina amadzitonthoza ndi chakudya.

Amai anzathu, pano tiyenera kudziyang'ana tokha. Ife tinakula tikumva kuti kunenepa ndi ulemu, ndipo munthu akaonda timayamba kunong'onezana kuti akudwala. Maganizo ameneŵa atipweteketsa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amai 21 mwa 100 alionse m'Malaŵi, a zaka 15 mpaka 49, anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo m'tauni anali ochuluka kuposa kumudzi. Kunenepa kotere kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa kwa ziŵalo. Tikamayendera odwala timawapeza matenda ameneŵa, ndipo ena a ife tikumwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku. Kodi tingakondwe kuti mwana amene tamuvutikira ndi fizi ayambe mankhwala otere asanafike zaka 40?

Tichitenji tsono? Choyamba, m'mera mpoyamba. Mwana asanapite, tim'phunzitse kuphika, wamwamuna yemwe. Adziŵe magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa ku sikelo: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta pang'ono chabe.

Chachiŵiri, kamba amene timam'patsa asakhale ndalama yokha. Tim'mangire ufa wa mgaiwa, nyemba, usipa, mfutso, nsinjiro, ndi ufa wa phala wosakaniza ndi soya. Kumene amaloledwa kuphika, zimenezi zimam'sunga mwezi wathunthu. Tim'kumbutse kuti nthochi kapena mbatata yophika imaposa mandasi, ndipo madzi amaposa cha m'botolo.

Chachitatu, ayende. A WHO amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Kuyenda pansi popita ku kalasi, mpira wa miyendo kapena wa manja, zonsezi n'zokwanira ndipo sizilira ndalama.

Chachinayi, tisamale pakamwa pathu. Mwana akabwera atanenepa tisam'tame, tisam'sekenso pa anthu. Mtsikana wosekedwa angathe kuyamba kudzimana chakudya kapena kugula mankhwala oondetsa osadziŵika bwino, ndipo zimenezo n'zoopsa. Tikhale naye pansi aŵiriŵiri, tim'funse chimene amadya, m'mene amagonera, ndiponso ngati ali ndi anzake. Ngati thupi lasintha msanga kwambiri, kapena miyendo ikutupa, tipite naye ku chipatala akamuyeze.

Pomaliza, tisaiŵale kuti si onse amabwera atanenepa. Alipo ana amene amabwera ataonda chifukwa ndalama inatha pakati pa temu, ndipo amagona ndi njala osauza munthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pempho lathu n'lakuti chigawo chilichonse chilembe ana ake amene ali ku koleji, ndipo pa nthaŵi yokolola aliyense apatule mbale ya nyemba kapena ya mtedza, kuti sukulu zikamatsegulidwa mwana aliyense apite ndi kathumba kake. Maina mupereke kwa Mlembi pa msonkhano wathu wa mwezi wa maŵa.