Ulendo wa ku Nyanja ya Mchere: Zoyenera Kukonza Tisananyamuke

Lero tikamba za ulendo wa pa tchuthi wopita ku nyanja ya mchere. Aphunzitsi, chonde pachikani mapu a Africa pakhoma, ndipo mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo, pakuti tiwerengera pamodzi masiku ndi mitunda.

Yang'anani pa mapu. Dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko 8, ndipo palibe mbali imene lakhudza nyanja ya mchere. Ena a inu munaona madzi aakulu ku Kariba, ku Samfya kapena ku Mpulungu, koma madzi onsewo alibe mchere. Mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone akafuna kuona nyanja ya mchere ayenera kutuluka m'dziko muno. Njira imene tisankhe lero ndi ya ku Dar es Salaam, mzinda wa ku Tanzania umene uli m'mphepete mwa Indian Ocean. Ulendo wotere ndi wautali ndiponso wodya ndalama, ndipo banja limene lanyamuka chinyamukire likhoza kubwezedwa pa malire, kapena kutherwa ndalama m'dziko la eni. Chifukwa chake pali mafunso anayi oyenera kuyankhidwa tili kunyumba: tipita liti, tidzera njira iti, titenga makalata otani, ndipo tiwononga ndalama zingati.

Tiyambe ndi funso la nthawi. Sukulu zathu zimatseka mu April, mu August ndi mu December. Ku Dar es Salaam mvula yaikulu imagwa kuyambira March kufikira May, kotero tchuthi cha April si chabwino kwa wofuna kusewera pa mchenga. Mu December kumatentha kwambiri. Kumbukirani kuti Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja, ndiye chifukwa chake usiku kuno kumazizira. Ku gombe kutentha kwake ndi kwa chinyezi, munthu amachita thukuta ngakhale dzuwa litalowa. Mwezi wa August ndiwo wokoma koposa, pakuti mvula ndi yochepa ndipo kumaomba kamphepo kochokera m'nyanja.

Funso lachiwiri ndi la njira. Pali ndege, imene ndi yofulumira koma ya mtengo wapatali. Pali basi yochokera pa Intercity, yodzera mu msewu wa Great North Road kufikira ku Nakonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, ndi kupitirira kulowa m'Tanzania. Palinso sitima ya pa njanji ya TAZARA, ndipo njira iyi ili ndi mbiri imene mwana aliyense wa m'Zambia ayenera kuidziwa.

Mu November 1965 boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linadzipatsa lokha ufulu. Pa nthawiyo mkuwa wathu unkatuluka kudzera kum'mwera, ndipo zinaonekeratu kuti njirayo ikhoza kutsekedwa tsiku lililonse. Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi Pulezidenti Julius Nyerere anagwirizana zofuna njira ina yopita ku nyanja. Dziko la China linavomera kuthandiza, ndipo pangano linasainidwa ku Beijing mu 1967. Ntchito inayamba mu 1970 ndi kutha mu 1975. Ntchito ili mkati, mu January 1973, malire a Rhodesia anatsekedwadi, ndipo anthu anaona kuti atsogoleri aja anaganiza bwino. Njanjiyi ndi yotalika makilomita 1,860, kuchokera ku Dar es Salaam kufikira ku Kapiri Mposhi.

Onetsetsani mfundo iyi, ana inu: njanji ya TAZARA siifika mu Lusaka. Wofuna kuikwera ayenera kuyamba wapita ku Kapiri Mposhi, makilomita pafupifupi 200 kumpoto kwa Lusaka, kudzera ku Kabwe. Tsopano lembani m'makope mwanu 200, muphatikize ndi 1,860. Yankho ndi makilomita 2,060. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 4,120.

Tiwerengenso masiku. Tsiku loyamba ndi lochoka ku Lusaka kupita ku Kapiri Mposhi. M'sitima munthu amagona kawiri asanafike ku Dar es Salaam. Tinene kuti kupita kumatenga masiku 3, kubweranso masiku 3. Ngati atate kapena amayi apatsidwa masiku 14 opuma ku ntchito, otsala ndi 8. Koma sitima imachedwa nthawi zina, ndiponso siinyamuka tsiku lililonse, tsono munthu wanzeru amapatulako masiku 2 odikira. Masiku oona malo atsala 6 okha. Kuwerengera kotere kumathandiza kuti kholo lisachedwe ku ntchito, ndi kuti mwana asaphonye tsiku lotsegulira sukulu.

Dziwaninso kuti ndondomeko ya sitima imasintha. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa COVID-19, sitima za anthu zinaleka kudutsa malire. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makolo ayenera kufunsa ku ofesi ya njanji ngati sitima ikupyola mpaka ku Dar es Salaam kapena ikulekezera pa Nakonde, tsiku limene imanyamuka, ndiponso mtengo wa tikiti, ndipo agule matikiti nthawi ikadalipo.

Funso lachitatu ndi la makalata. Pa Nakonde, mbali ya Zambia, ndi pa Tunduma, mbali ya Tanzania, akuluakulu oona za olowa ndi otuluka amayang'ana pasipoti ya munthu aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe. Pasipoti siituluka tsiku limodzi, choncho ipemphedwe miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo amene ali nayo kale aone ngati siinathe nthawi yake. Nzika za Zambia zopita kukacheza ku Tanzania kwa masiku ochepa sizifunika viza. Mwana woyenda ndi amalume kapena azakhali atenge kalata ya chilolezo yochokera kwa makolo ake. Ndi bwinonso kupita ku chipatala kukafunsa za katemera ndi za kupewa malungo, pakuti ku gombe udzudzu ndi wambiri.

Funso lachinayi ndi la ndalama. Ku Tanzania sagula ndi kwacha, amagula ndi shilingi ya dzikolo. Ndalama zisinthidwe ku banki kapena ku ofesi yovomerezeka, osati kwa anthu oimika alendo pa msewu. Banja likhale pansi ndi kulemba mitu isanu: zoyendera, malo ogona, chakudya, zolipira polowa m'malo oonerako zinthu, ndi ndalama yosungira mavuto a mwadzidzidzi. Ndalama ya ulendo wobwerera iikidwe payokha, ndipo isakhudzidwe ngakhale pa msika paoneke nsalu yokongola motani. Zikaoneka kuti ndalama sizikwana, kapena kuti zilowerera pa ndalama ya sukulu, ulendo udikire chaka china. Nyanja idzakhalapobe.

Tsopano tione zimene mudzaona. Zoyamba zili pa windo la sitima. Mudzadutsa Serenje, Mpika ndi Kasama, ndipo mukaoloka malire mudzafika ku Mbeya, dziko la mapiri ndi lozizira. Pakati pa Makambako ndi Mlimba njanji imatsika m'mapiri, ikulowa m'mapanga obooledwa ndi anthu ndi kuoloka milatho yaitali. Apa ndi pamene omanga anavutika koposa. Kutsogolo njanji imadutsa m'nkhalango ya nyama imene kale yonse inkatchedwa Selous, ndipo mbali yake yaikulu inatchedwa Nyerere National Park mu 2019. Sitima ikadutsa masana mukhoza kuona nyamalikiti, mbidzi kapena njovu.

Mukafika ku Dar es Salaam sunthani wotchi yanu, pakuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Chenjeraninso ndi kawerengedwe ka Chiswahili, kamene kamayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: ola loyamba kwa iwo ndi 7 koloko m'mawa. Mlendo wosadziwa zimenezi akhoza kusiyidwa ndi basi.

Tsiku limodzi pitani ku msika wa nsomba wa Kivukoni, kumene mudzaona nsomba zimene simunazionepo pa msika wa Soweto. Muli pomwepo mudzaona zombo zazikulu zikulowa pa doko. Katundu wambiri wa m'masitolo a mu Cairo Road amadzera pa doko lomweli, ndipo paipi ya mafuta ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968, imayambira kumeneko kupita ku Ndola. Kuchokera pa Kivukoni pali chombo chaching'ono choolotsa anthu kupita ku Kigamboni, kumene kuli mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati. Tsiku lina pitani ku Village Museum, kumene anamanga nyumba za mitundu yosiyanasiyana ya ku Tanzania. Mukaziyerekeze ndi nyumba za pa Kabwata Cultural Village zimene mumaziona kuno.

Tsiku linanso lipatulidwe kukhala la ku Bagamoyo, tauni yakale ya m'mphepete mwa nyanja, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam. Apa ndi pamene ankafikira amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera m'kati mwa Africa. Malowa akukhudza mbiri yathu. David Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko muno, ndipo mtima wake unakwiriridwa pansi pa mtengo kumeneko. Anzake a pa ulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula mtembo wake wapansi kwa miyezi yambiri mpaka anafika ku Bagamoyo mu 1874. Mtunda umene inu mudzayenda masiku 3 muli chikhalire, iwo anauyenda ndi mapazi, atasenza maliro.

Mawu otsiriza ndi a chenjezo. Nyanja ya mchere siili ngati damu. Madzi ake amasefukira ndi kuphwera kawiri pa tsiku, chifukwa cha kukoka kwa mwezi. Malo amene m'mawa munayendapo pouma, masana akhoza kukhala ndi madzi okumizani. Musalowe m'madzi popanda munthu wamkulu wodziwa kusambira, funsani eni dera malo abwino osambira, ndipo musamwe madziwo pakuti amangoonjezera ludzu. Anthu ambiri a ku gombe ndi Asilamu, tsono mukachoka pa mchenga kulowa m'tauni muvale modzilemekeza.

Aphunzitsi, ana ambiri sadzapita ulendowu chaka chino, koma kakonzedwe kake ndi komweko ngakhale ulendo uli wa ku Siavonga kapena wa kwa agogo ku Katete. Tikupemphani kuti muwathandize ntchito zitatu izi. Yoyamba, ajambule mapu ndi kulemba njanji kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, ndi matauni 6 a m'njira. Yachiwiri, ayankhe funso ili: ku Lusaka ikakhala 10 koloko m'mawa, ku Dar es Salaam ndi nthawi yanji? Yachitatu, mwana aliyense asankhe malo amene afuna kukacheza, ndipo ayankhe mafunso anayi aja m'kope mwake, kenaka akaonetse makolo ake kunyumba.